Kucokela pa mtima wa cule kufika pa graphene

Mu 1921, ku Graz m'dziko la Austria, Otto Loewi anaika mitima iwili ya acule m'madzi a mcele. Atakhudza mtsempha wa mtima woyamba na magetsi, mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Anatunga madzi ake n'kuthila pa waciwili, nawonso unacita cimodzimodzi. Apa m'pamene tinadziwila kuti mitsempha imatumiza uthenga na mankhwala, amene lelo timawacha ma neurotransmitter.

Imodzi mwa mankhwalawa ni dopamine. Ikacepa mu ubongo, munthu amadwala Parkinson's: manja amanjenjemela, thupi limauma, kuyenda kumavuta. Nanga tingaipime bwanji mu ubongo wamoyo?

Mu 1973, Ralph Adams na anzake ku University of Kansas analowetsa kacipangizo ka carbon mu ubongo wa khoswe. Dopamine ikakhudza carbon imene ili na magetsi pang'ono, imataya ma electron, ndipo tumagetsi tumeneto n'tumene timapima. Nzelu inali yabwino, koma panali msokonezi: vitamin C. Mu ubongo ni wambili kuposa dopamine, ndipo naye amataya ma electron pa mphamvu ya magetsi pafupifupi yofanana. Ife a pa wailesi timalidziwa bwino vuto limeneli. Masiteshoni awili akakhala pa frequency imodzi, womvela amangomva phokoso.

Graphene inabwela mocedwa. Mu 2004, ku Manchester, Andre Geim na Konstantin Novoselov anasenda graphite, imene timalembela mu pensulo, na tepu yomatila cabe, mpaka panatsala kagawo kopyapyala ngati atomu imodzi. Analandila Nobel mu 2010. Pofika 2009, ofufuza a ku China anali ataonetsa kale kuti kacipangizo kokutidwa na graphene kamasiyanitsa dopamine na vitamin C. Cifukwa cake n'cakuti dopamine ili na mphete ya maatomu a carbon imene imamatila bwino pa graphene, pamene vitamin C samatila conco.

Koma tisathamange. Zambili mwa zipangizozi zimapimidwila m'madzi okonzedwa mu labu. Mu ubongo weniweni, mapuloteni amaunjikana pa kacipangizo n'kukagonthetsa, conco ofufuza ambili akali kudalila tuulusi twa carbon tumene tunayamba kugwila nchito kumapeto kwa ma 1970. Ndipo dokotala amene akuganizila kuti wodwala ali na Parkinson's amamuuzabe kuti ayende pang'ono, atambasule manja, iye n'kumayang'ana.