Kwini wotuluka msanga: mbiri ya kamsampha kamene ana athu amakakonda

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, moni kuchokera kuno ku Karonga, kumene dzuwa silinasinthe khalidwe lake.

Lero za silabasi ndazisiya kaye. Ndikufuna tikambe za chess, makamaka kamsampha kaja kamene mwana aliyense wa Fomu 1 amayamba nako akangolowa mu kalabu: 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Qxf7, basi mfumu yafa. Kusuntha kanayi kokha. Chaka china ndinatenga ana anayi kupita nawo ku mpikisano ku Mzuzu, onse akadaulo a msampha umenewu pa sukulu pathu. Kumeneko anakumana ndi anzawo odziwa kuyankha 3...g6, kenako 4.Qf3 Nf6. Kwini wa ana anga anayamba kuthamangitsidwa uku ndi uko ngati nkhuku ya alendo, uku ankhondo a mdani akutuluka mmodzimmodzi. Pobwerera, potsika Chiweta, mu minibasi munali zii. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinkawaombera m'manja akamapha anzawo mwa njira imeneyi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza kumene kamsamphaka kanachokera.

Chess inayambira ku India cha m'zaka za m'ma 500, ndipo ankaitcha chaturanga. Inalowa ku Persia, Aluya anaitengera kumeneko n'kumaitcha shatranj, ndipo ndi iwo amene anakaifikitsa ku Spain. M'Chiswahili cha anzathu a kutsidya kwa Songwe muli mawu akuti sataranji, ochokera ku dzina lomwelo. Koma chess ya nthawi imeneyo inali yozizira. Amene lero timamutcha kwini anali nduna chabe ya mfumu, yoyenda kabokosi kamodzi kokha chopingasa. Bishopu anali njovu, yodumpha timabokosi tiwiri basi. Ndi ankhondo ofooka chonchi, kupha mfumu ndi kamsampha kotereka kunali kosatheka. Anthu ankakhala nthawi yaitali akungokonza ankhondo awo nkhondo isanayambe.

Zinthu zinasintha cha m'ma 1475 ku Spain, mbali ya Valencia. Kwini anapatsidwa mphamvu zoyenda mbali zonse mpaka kumene wafuna, bishopu nayenso anamasulidwa. Ku Italy masewero atsopanowa anawapatsa dzina lotanthauza kuti ndi a mfumukazi yolusa. Apa ndi pamene nkhani ya opening, kapena kuti kayambidwe ka masewero, inabadwira, chifukwa tsopano munthu ankatha kufa asanakhazikike n'komwe pa mpando. Buku la Lucena linatuluka mu 1497, la wansembe Ruy López mu 1561, ndipo mpaka lero 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bb5 imadziwika ndi dzina la wansembeyu. Kamsampha kathu kaja kanalembedwa m'buku la Francis Beale ku England mu 1656, pansi pa dzina lakuti Scholar's Mate. Tangoganizani: zaka zoposa 360 zapitazo anthu ankadziwa kale kuti aka ndi ka ana a sukulu.

N'chifukwa chiyani f7? Yang'anani bolodi masewero asanayambe. Pawn ya pa f7 ilibe woiteteza wina koma mfumu yokha. Ndi khomo la kuseri lopanda mpiringidzo. Choncho ana athu sakulakwitsa poyang'ana pamenepo. Akulakwitsa popita awiri okha, kwini ndi bishopu, ena onse ali mtulo.

Amene anaonetsa dziko kachitidwe koyenera ndi Paul Morphy, mnyamata wa ku New Orleans ku America. Mu 1858, chaka chimodzi David Livingstone asanafike pa nyanja yathuyi, Morphy ali ndi zaka 21 anaitanidwa kukaonera zisudzo zoimba ku Paris. Omuitanawo, Duke Karl wa ku Brunswick ndi Count Isouard, anatulutsa bolodi momwemo n'kumathandizana awiri kulimbana naye. Tengani bolodi lanu, musangowerenga. Morphy ali ndi zoyera.

1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.d4 Bg4 4.dxe5 Bxf3 5.Qxf3 dxe5 6.Bc4

Imani kaye apa. Kwini ali pa f3, bishopu pa c4, onse aloza f7, chimodzimodzi ana athu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwini wa Morphy sanatuluke mwa phuma. Watuluka kudzadya bishopu amene anadya kavalo wake, ndiye sanataye nthawi.

6...Nf6 7.Qb3 Qe7

Kwini pa b3 waloza malo awiri, f7 ndi b7. Akuluakulu aja ateteza f7 ndi kwini wawo, koma potero atsekera bishopu wawo wa pa f8, ndipo bishopuyo watsekera rook ya pa h8. Tsopano pawn ya pa b7 ili poyera. Ndikafunsa m'kalasi kuti tichite chiyani, manja onse amakwera: "Idyeni, sala!" Ikanadyedwa, a zakuda akanayankha Qb4 ndi cheki, makwini n'kudyana, moto n'kuzima. Morphy akanapambanabe mwina, koma mochedwa. Iye anasewera izi:

8.Nc3 c6 9.Bg5 b5 10.Nxb5 cxb5 11.Bxb5+ Nbd7 12.0-0-0 Rd8

Kwa ine 8.Nc3 ndiye mtima wa masewero onsewa, ngakhale ambiri amakonda zimene zikubwera kumapeto. Wasiya chakudya chaulere kuti adzutse wankhondo wina. Pa nambala 10 wapereka kavalo posinthana ndi ma pawn awiri, cholinga chake misewu itseguke. Pa nambala 12 wabisa mfumu yake ndipo nthawi yomweyo rook yafika pa mzere wa d. Werengani amene akugwira ntchito mbali iliyonse. Pa bolodi a zakuda ali ndi ankhondo ambiri, koma awiri ali m'nyumba, ndipo akavalo awiri onse amangidwa: wa pa d7 akasuntha mfumu ili pa cheki, wa pa f6 akasuntha kwini wapita.

13.Rxd7 Rxd7 14.Rd1 Qe6 15.Bxd7+ Nxd7 16.Qb8+ Nxb8 17.Rd8 checkmate.

Morphy watsala ndi rook imodzi ndi bishopu mmodzi, ndipo awiriwo ndi amene apha mfumu. A Duke ndi anzawo akadali ndi kwini, kavalo, bishopu ndi rook. Bishopu wa pa f8 ndi rook ya pa h8 sanasunthepo n'kamodzi komwe. Mutu umodzi susenza denga, koma apa mitu iwiri inalepheranso, poti inaiwala kuitana anthu ake.

Morphy sanasewere nthawi yaitali. Anabwerera kwawo mu 1859, anasiya mipikisano, ndipo anamwalira mu 1884. Amene anadzafotokoza bwino maganizo a mtundu umenewu ndi Wilhelm Steinitz, amene anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse atagonjetsa Zukertort mu 1886. Iye ankaphunzitsa kuti munthu aziyamba nkhondo pokhapokha malo a ankhondo ake akamulola, osati chifukwa mtima wafuna. Kunena chilungamo, 2.Qh5 sinafe. Hikaru Nakamura anaisewera mu 2005 polimbana ndi Krishnan Sasikiran, koma anagonja, ngakhale masewerowo anatalika. Ana anga akamanditchulira Nakamura, ndimawauza kuti ayambe afika pamene iye anafika.

Wina anena kuti zonsezi ndi za azungu, ife zathu ndi bawo pansi pa mtengo wa mango. Bawo ndimailemekeza, ndipo mkulu wodziwa kuwerengera njere zake patsogolo sangavutike ndi chess. Koma tayang'anani ku Zambia. Amon Simutowe, wobadwa mu 1982, ndi wa msinkhu wanga, ndipo dzina lakelo likumveka ngati la kwathu konkuno kapena ku Chitipa. Anamuphunzitsa chess ndi mkulu wake. Mu 1996 ali ndi zaka 14 anakhala katswiri wa dziko la Zambia, mu 1998 anakhala International Master, ndipo mu 2000 ku Yerevan, Armenia, anali m'gulu la amene anathera pa nambala yachiwiri pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse. Mu 2007 anapambana mpikisano ku Arnhem, Netherlands, ndipo mu 2009 anatsimikizidwa kukhala Grandmaster, woyamba wochokera ku Africa ya kumwera kwa Sahara. Munthu safika pamenepo ndi misampha ya kusuntha kanayi.

Kuno kwathu bungwe la Chess Association of Malawi, limene timangoti Chessam, limatumiza timu ku Chess Olympiad. Joseph Mwale ali ndi udindo wa FIDE Master, Chiletso Chipanga anapambana African Amateur ku Livingstone mu 2018, ndipo chaka chomwecho mayi Susan Namangale anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Chessam. Chimene chimandiwawa n'chakuti mipikisano yambiri imachitikira ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mwana wa ku Kaporo kapena Chilumba amapeza mwayi wotere mwina kamodzi pa chaka, ndiye n'zachisoni kuti akautaye pa nambala 3.

Mu kalabu yathu tsopano lamulo ndi ili: aliyense wolowa kumene amaphunzira Scholar's Mate tsiku loyamba, kuti asadzaphedwe nayo, ndipo sabata yachiwiri amaloweza masewero a Morphy onse 17 n'kundifotokozera chifukwa cha 8.Nc3. Mabolodi tili nawo atatu okha, limodzi pawn yake inasowa ndipo tinaikapo chitsekero cha botolo. Inu ana anga akale amene muli pa ntchito m'tauni, ngati muli ndi bolodi limene likungodya fumbi pamwamba pa kabati, mukudziwa kumene ndimapezeka.