Chotchinga Mtsinje Chimene Chinabala Amsterdam

Mlendo wofika ku Amsterdam m'nyengo yotentha, miyezi ya June mpaka August pamene dzuwa la ku Netherlands limalowa mochedwa kwambiri, kawirikawiri amakhala ndi masiku awiri kapena atatu basi. Akatsika sitima pa siteshoni ya Centraal amangotsata khamu la anthu mumsewu waukulu wa Damrak, ndipo mphindi khumi zisanakwane amatulukira pabwalo loyalidwa miyala. Pali nyumba yachifumu, tchalitchi cha Nieuwe Kerk, chipilala choyera chokumbukira amene anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nkhunda zosaopa munthu, ndi njinga zimene zimakuimbira belu zitafika kale pachidendene. Eni mzinda amangoti bwaloli ndi Dam. Madzi palibe ngakhale dontho, choncho ambiri amajambula zithunzi n'kuthamangira maboti oyenda m'ngalande, osazindikira kuti aponda pamene panachokera dzina la mzinda wonsewo.

Dzinali ndi mawu awiri omatirira. Amstel ndi mtsinje umene umalowa mumzindawu kuchokera kummwera. Dzina lake lakale ndi Amestelle, kutanthauza malo a madzimadzi, ndipo linkaimira dera lonse lachithaphwi limene mtsinjewo unkadutsamo. Liwu lachiwirilo lingasokoneze ife amene tikamva "damu" timaona madzi odikha omwetsapo ng'ombe. M'Chidatchi, dam ndi chotchinga chenichenicho, mulu wa dothi ndi mitengo wopingasa mtsinje kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Amsterdam ndiye kuti chotchinga cha pa Amstel.

Anthu satseka mtsinje popanda chowavuta. Dera limeneli linali dambo lalikulu, ndipo nthaka yake ndi ya zomera zowolerana zimene zinaunjikana m'madzi kwa zaka zikwizikwi. Alimi atayamba kulowamo cha m'ma 1000, anakumba ngalande kuti madzi achoke, apeze polima. Poyamba zinayenda bwino. Koma nthaka yotere ikauma imafota n'kutsika, ndiye mlimi aliyense akamakulitsa ngalande yake ankatsitsanso munda wake womwe. Mu 1170 kunabwera chigumula choopsa chimene chinakuza nyanja ya Zuiderzee, madzi amchere n'kuyandikira kudzera mu IJ, chigawo cha madzi chimene Amstel ankathiramo. Kuyambira pamenepo nyanja ikakwera, makamaka mphepo yamkuntho ikaikankha, madzi ankabwerera chammbuyo mumtsinje n'kusefukira m'minda imene inali itatsika kale. Anthu anayamba ndi kukweza magombe onse awiri, n'kumanga nyumba zawo pamwamba pa milambalayo. Cha m'ma 1270 anatseka mtsinje weniweniwo, n'kusiya zitseko zamatabwa zoti zizitulutsa madzi a mtsinje nyanja ikatsika, zizitsekeka nyanja ikakwera.

Chimene chinasandutsa mudzi wa asodzi kukhala mzinda ndi vuto limene chotchingacho chinabweretsa. Zombo zikuluzikulu zochokera kunyanja zinkafika pamenepo n'kuima, poti njira yatsekedwa. Katundu ankatsitsidwa, kunyamulidwa pamapewa kapena kugubuduzidwa m'migolo, n'kukakwezedwa m'timaboti ting'onoting'ono ta mbali inayo topita kumtunda. Pomwe katundu akutsitsidwa sipalephera kupezeka wogula, woyeza kulemera kwake, wosunga, wokongoza ndalama, ndi wogulitsa mowa kwa amalinyero otopa. Chigawo cha mtsinje cha kunyanja chinakhala doko, ndicho Damrak. Chigawo cha kumtunda chinatchedwa Rokin. Chotchingacho chinapitirira kukulitsidwa mpaka chinasanduka bwalo la msika, nsomba zikugulitsidwa pamwamba pa zitseko za madzi zija. Mu 1323 Amsterdam inasankhidwa kukhala malo olipirira msonkho wa mowa wochokera ku Hamburg, ndipo ubale ndi amalonda a kumpoto kwa Germany unakula kuchokera apo.

Dzinali linayamba kuoneka m'zolembedwa pa 27 October 1275, m'kalata ya Chilatini ya Floris V, wolamulira dera la Holland. Kalatayo imanena za anthu okhala pa "Amestelledamme", ndipo inawamasula ku msonkho wodutsira akamayenda ndi katundu wawo m'dera lake. Chodabwitsa n'chakuti anthuwo sanali ake. Dera la Amstel linali pansi pa bishopu wa ku Utrecht, ndipo olisamalira anali a banja la Van Amstel. Munthu sapatsa anthu a mnzake mphatso yotere kwaulere, ndipo n'zosavuta kuona kuti Floris ankakokera mudziwo kumbali yake. Nkhani ya Floris inatha moipa: mu 1296 anaphedwa ndi gulu la akuluakulu omuukira, ndipo mmodzi wa okonza chiwembucho anali Gijsbrecht van Amstel. Banjalo linataya dera lake, ndipo patapita zaka zowerengeka Amsterdam inalowa m'manja mwa Holland. Kalata ija ilipobe, imasungidwa m'nyumba yosungira zolembedwa zakale za mzindawu. Ndiyo inachititsa kuti mu 2025 Amsterdam ikondwerere zaka 750. Kunena zoona, tsiku limene amati ndi lobadwa mzinda ndi tsiku la kalata ya msonkho chabe, chifukwa anthu anali akukhalapo kale. Koma kwa mzinda wa amalonda sindikuona tsiku lina loyenera kuposa limenelo.

Pakamwa pa anthu dzina lalitalilo linaperepeseka. M'makalata akale limapezeka lolembedwa mosiyanasiyana, monga Amstelredam ndi Aemsterdam, mpaka linakhazikika m'mene lililimu.

Otsogolera alendo m'maboti sakonda kwenikweni nkhani ya nthaka yofota ndi misonkho. Amakonda nthano ya asodzi awiri ndi galu wawo, amene namondwe anawakankhira kugombe, ndipo pamene galuyo anasanza chifukwa cha chizungulire cha panyanja ndi pamene anamangapo mudzi. Chidindo chakale cha mzindawu chimasonyezadi chombo chokhala ndi amuna awiri ndi galu. Nthanoyi imaseketsa ana, koma siifotokoza dzina ngakhale pang'ono. Mayina a mizinda yoyandikana ndi Amsterdam ndiwo akuchitira umboni nkhani ya chotchinga ija: Rotterdam ili pa mtsinje wa Rotte, Schiedam pa Schie, Zaandam pa Zaan. Vuto linali limodzi m'dera lonselo, mankhwala akenso amodzi.

Ngalande zotchuka zija, zozungulira mzinda ngati theka la mwezi, zinabwera mochedwa kwambiri. Herengracht, Keizersgracht ndi Prinsengracht zinayamba kukumbidwa mu 1613, chuma cha malonda a zombo chitachuluka, ndipo UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2010. Ngakhale zinali choncho, mtima wa mzinda sunachoke pa Dam. Nyumba yachifumu ija inamangidwa ngati likulu la khonsolo ya mzinda kuyambira mu 1648, ndipo poti pansi pake ndi dambo lomwe lija, inakhazikidwa pa mitengo 13,659 yokhomeredwa m'matope. Mu 1808 Louis Bonaparte, mng'ono wa Napoleon amene anaikidwa kukhala mfumu ya Holland, anaitenga kukhala nyumba yake, n'kulamula kuti nyumba yoyezera katundu imene inali pabwalopo igwetsedwe chifukwa inkamutchinga akamayang'ana panja.

Madzi nawo anachotsedwa pang'onopang'ono. Mbali yaikulu ya Damrak inakwiriridwa m'zaka za m'ma 1800 n'kukhala msewu, ndipo kachigawo kotsala pafupi ndi siteshoni ndi pamene maboti a alendo amaimapo lero. Siteshoni ya Centraal, yotsegulidwa mu 1889, inamangidwa pa zilumba zochita kupanga, n'kutseka maso a mzinda kuti usaonenso doko lake. Mbali ya Rokin yoyandikana ndi bwalo inakwiriridwa m'zaka za m'ma 1930.

Mtsinje wokwiriridwawo unaonekeranso pokumba njanji ya pansi panthaka yodutsa mzindawu kuchokera kumpoto kupita kummwera, imene inatsegulidwa mu 2018. Njanjiyo inatsata njira yakale ya Amstel, ndipo akatswiri ofukula zakale anatola zinthu pafupifupi 700,000 m'matope a Damrak ndi Rokin: mbedza, makiyi, mipeni, ndalama zachitsulo, zidutswa za miphika, makaliwo adothi, ngakhale mafoni a m'manja. Masauzande a zinthuzi anaikidwa m'magalasi pakati pa masitepe oyenda okha pa siteshoni ya Rokin, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pa Dam, ndipo aliyense wotsikira kukakwera sitima amaziona akudutsa.