Mbiri ya maphunziro a thupi la munthu, kuchokera ku Khondowe mpaka ku Liwonde

Mayi woyembekezera zikamuvuta pachipatala chaching'ono cha Ntaja kapena cha Ulongwe, ambulansi imathamangira naye kuchipatala chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Kumeneko wogwira mpeni kawirikawiri amakhala clinical officer. Asanamufike mwana, amacheka khungu, mafuta ndi kansalu kolimba kokuta minofu ya pamimba, n'kupatula minofuyo pakati. Chikhodzodzo chimatsamira kutsogolo kwa chiberekero, ndiye amachikankhira pansi, kwinaku akusamala timitsempha totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, timene timadutsa chapafupi pomwepo. Akalakwitsa pang'ono, mayiyo akhoza kumadontha mkodzo kwa zaka. Zonsezi amazichita chifukwa anaphunzira anatomy, yomwe imafotokoza mmene thupi linapangidwira, ndi physiology, yomwe imafotokoza mmene limagwirira ntchito.

Makolo athu anali ndi akatswiri awo a thupi. Azamba ankadziwa magonedwe a mwana m'mimba pongopapasa, angaliba a kujando ankadziwa kuletsa magazi, ndipo alenje ankasiyanitsa ndulu ndi chiwindi posenda nyama. Koma nzeruzi zinkayenda mobisa, kuchoka kwa mkulu kupita kwa wosankhidwa mmodzi, ndipo sizinkalembedwa.

Ku Ulaya nakonso zinatenga nthawi. Mu 1543, Andreas Vesalius anasindikiza buku la zithunzi za thupi zochokera pa mitembo imene anatumbula yekha, ndipo mu 1628 William Harvey anasonyeza kuti mtima umapopa magazi mozungulira thupi lonse. Sukulu za udokotala zitachuluka, mitembo yophunzirira inasowa, anthu nayamba kufukula manda. Ku Edinburgh, mu 1828, William Burke ndi William Hare anapha anthu 16 n'kugulitsa matupi awo kwa mphunzitsi wa anatomy, Robert Knox. Nkhaniyi inathandiza kuti Britain ikhazikitse lamulo loyendetsa za mitembo yophunzirira mu 1832.

Kuno kwathu maphunzirowa anabwera ndi amishoni. Dr Robert Laws atatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ena mwa ophunzira ake anaphunzitsidwa kuthandiza m'chipatala. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo inayamba kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala mu 1938. M'chigawo cha kum'mawa, malo osamalira odwala khate a ku Utale, m'boma la Balaka lero, ndi a ku Likwenu pafupi ndi Malosa ankadalira Amalawi otsuka zilonda, amene anaphunzira ndi maso mmene khate limaphera mitsempha mpaka munthu kupsa ndi moto osamva kuwawa. Komabe Mmalawi wofuna udokotala weniweni ankayenera kuwoloka nyanja. Daniel Malekebu anamaliza ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda anamaliza pasukulu yomweyo mu 1937 asanakawonjezere maphunziro ku Edinburgh.

Dziko litalandira ufulu, boma linayamba ndi anamwino. Sukulu yawo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo mu 1979 kunabadwa Kamuzu College of Nursing. Poona kuchepa kwa madokotala, mu 1976 boma linayamba kuphunzitsa ma clinical officer ku Lilongwe. Amenewa ndi amene asenza zipatala za m'maboma mpaka lero, kuphatikizapo cha Machinga ndi cha Balaka, boma limene linadulidwa ku Machinga mu 1998.

Sukulu ya madokotala inachedwa. Kuyambira mu 1986, ophunzira ankatumizidwa kunja, makamaka ku Britain, kukachita zaka zoyamba, zomwe ndi za anatomy ndi physiology. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Anatomy Act, lolola sukulu zovomerezeka kusunga ndi kutumbula mitembo pophunzitsa. Chaka chotsatira College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri anali Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. M'kati mwa zaka za m'ma 1990 ophunzira anayamba kuchita maphunziro onse konkuno. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing ija kupanga Kamuzu University of Health Sciences.

M'chipinda chotumbulira, choyamba kumulonjera wophunzira ndi fungo la formalin, mankhwala oumitsira mtembo amene amayabwa m'maso ndi m'mphuno. Kagulu ka ophunzira kamakhala miyezi pa thupi limodzi, kuyamba mwina ndi mkono, kenaka chifuwa, mimba ndi mutu. M'buku mtsempha wotuluka mumtima umajambulidwa wofiira, wobwerera wabuluu. Pamtembo yonse imaoneka yotuwa, ndipo wophunzira amaisiyanitsa ndi zala: wina ndi wochindikala ndi wotanuka, wina wopyapyala ndi wophwafuka. Amapezanso kuti mitsempha ya anthu awiri siyenda njira imodzi ndendende, phunziro limene limadzamupulumutsa tsiku la opaleshoni.

Mwana wa ku Nayuchi kapena ku Phalula amayamba ulendowu ndi Biology ya kusekondale. Kumene kulibe labotale, mphunzitsi wakhama amagula mtima wa mbuzi pamsika, poti nawo uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu, n'kuung'amba ophunzira akuona. Wokhoza bwino MSCE akhoza kupita ku St Luke's ku Malosa kukachita unamwino ndi uzamba, kapena ku Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Chovuta chachikulu chikadali mitembo. Mwambo wathu umafuna kuti wakufa agone kumanda kwa makolo ake, ndipo kwa Asilamu, omwe ndi ambiri ku Machinga, maliro amasambitsidwa ndi kuikidwa mwachangu. Opereka matupi awo mwakufuna ndi osowa, motero sukulu imadalira kwambiri matupi amene palibe wachibale wawatenga kumochale.

Pamwamba pa izi pali bala limene boma la Machinga silinaliiwale. Kuphedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo kunachititsa aphungu kukhwimitsa zilango za mu Anatomy Act mu 2016. Patangopita zaka ziwiri, MacDonald Masambuka wa ku Machinga, yemwe anali wachialubino, anaphedwa, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake, mwa iwo wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Munthu wakumudzi akamva zotere, n'zosadabwitsa kuti amakayikira aliyense wonena za ziwalo za munthu.

Choncho ntchito yatsala kwa aphunzitsi a zachipatala, mafumu, mashehe ndi abusa: kufotokozera anthu poyera kuti mtembo wophunzirira umapezeka bwanji mwalamulo, umasungidwa bwanji ndipo umaikidwa bwanji maphunziro akatha. Banja limene lamvetsa zimenezi ndi limene lingalole mwana wake kukaphunzira ntchitoyi mopanda mantha, ndipo mwina tsiku lina lingavomereze m'bale wofuna kupereka thupi lake.