Kuchoka M'khola Kufika ku M'bindikiro: Mbiri ya Mawu Oti Exercise



Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe pa mawu amodzi a Chingerezi amene timawamva pafupifupi tsiku lililonse, mawu oti exercise. Mphunzitsi wa masamu akatha kufotokoza phunziro amapereka exercise yoti ana alembe m'makope. Dokotala akayeza munthu wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amamulangiza za exercise. Asilikali akapita kutchire kukayeserera nkhondo, nyuzipepala za Chingerezi zimalemba mawu omwewa, ndipo ansembe ndi asisitere akalowa m'bindikiro wa masiku 30 motsata njira ya Ignatius Woyera, zochita zawo zimatchedwanso ndi dzina limeneli. Kodi zinatheka bwanji kuti mawu amodzi asenze katundu wa m'kalasi, wa kuchipatala, wa kunkhondo ndi wa m'tchalitchi? Yankho lili m'mbiri yake, ndipo mbiriyo ikutikhudza ife amene tikukhala m'nthawi imene munthu angathe kuswera pampando tsiku lathunthu maso ali pa foni.

Mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, exercice, ndipo Afalansa anawalandira kuchokera ku Chilatini, exercitium. Dzina la Chilatinili linaphuka pa mneni exercere, amene ali ndi zigawo ziwiri: ex, kutanthauza kunja, ndi arcere, kutanthauza kutsekera kapena kutchinga. Mneni arcere ndi wapachibale ndi dzina loti arca, bokosi lotsekeramo zinthu, dzina limene Baibulo la Chilatini limatchulira chombo cha Nowa komanso Bokosi la Chipangano. Pachifukwa ichi akatswiri ambiri a mawu amaona kuti tanthauzo loyambirira la exercere linali kutulutsa chiweto m'khola kuti chikagwire ntchito. Aliyense amene anawetapo ng'ombe zolimira chithunzichi akuchidziwa. Nthawi yolima ikafika, ng'ombe imene yakhala ikuvala goli imayenda mumzere, pamene inzake yosaphunzitsidwa imapotoza mzere ndi kutopa dzuwa lisanakwere.

Aroma anawatambasula mawuwa. Ankanena exercere ponena za kulima munda, kugwiritsa anthu ntchito, kuyendetsa bwalo la milandu, ngakhalenso kusautsa munthu osamupatsa mpumulo. Koma kumene mawuwa anazika mizu kwambiri ndi kunkhondo. Gulu lankhondo la Aroma linkatchedwa exercitus, ndiko kunena anthu ophunzitsidwa mobwerezabwereza. Vegetius, amene analemba buku la zankhondo chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, anafotokoza kuti dzinali linaperekedwa kuti asilikali asaiwale ntchito imene imawapanga kukhala asilikali. Iye akusimba kuti ophunzira usilikali ankayenda mtunda wa mamailo 20 a Chiroma, pafupifupi makilomita 30, m'maola 5 a nyengo yotentha malinga ndi mawerengedwe awo. Ankamenya chipika chozikidwa pansi ndi lupanga lamtengo lolemera kawiri kuposa lenileni, kuti pa tsiku la nkhondo lupanga lachitsulo lipepuke m'manja. Mpaka lero gulu lankhondo limatchedwa ejército m'Chisipanishi, esercito m'Chitaliyana ndi exército m'Chipwitikizi, mawu amene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amawamva pawailesi.

Agriki anali ndi mawu awoawo awiri. Oyamba ndi gymnazein, ochokera ku gymnos, kutanthauza wamaliseche, pakuti anyamata a Chigriki ankathamanga ndi kugwetsana atavula zovala. Bwalo lochitirapo zimenezi linali gymnasion, ndipo apa ndi pamene panachokera dzina la jimu imene ena mwa ife timapitako m'tauni. Popeza aphunzitsi a nzeru ankaphunzitsira pa mabwalo omwewo, dzinali linagwiranso sukulu, kotero kuti ku Germany sukulu ya sekondale yokonzekeretsa ana kupita ku yunivesite imatchedwa Gymnasium. Mawu achiwiri ndi askein, amene poyamba ankanena za mmisiri woumba kapena kukonza chinthu ndi luso, kenako anayamba kunena za munthu wodziumba yekha podzilanga pa zakudya, tulo ndi ntchito. Dzina lake ndi askesis.

Mabwalo amenewa sanalandiridwe mwamtendere paliponse. Mabuku a Amakabeo akusimba kuti cha m'ma 175 Khristu asanabadwe, pa nthawi ya mfumu Antiochus IV, mkulu wa ansembe Jason anamanga gymnasion mu Yerusalemu, ndipo ansembe ena ankasiya utumiki wa m'Nyumba ya Mulungu n'kuthamangira kumasewera. Kwa Ayuda okhulupirika bwalolo linali chizindikiro cha kutaya chipangano. N'zochititsa chidwi tsono kuti patapita zaka zoposa 200, Chipangano Chatsopano chinatenga mawu a pabwalo lomwelo n'kuwapatsa ntchito ina. Mu Kalata Yoyamba kwa Timoteo, mutu 4, mneni gymnazein akunena za kudziphunzitsa moyo wopembedza, ndipo kalatayo ikuvomera kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, ngakhale lili lochepa poliyerekeza ndi la kupembedza. Kwa Akhristu a ku Korinto, amene ankakhala pafupi ndi malo a mipikisano yotchuka ya ku Isthmia, Paulo Woyera analankhula za othamanga ndi ankhonya. Baibulo la Chilatini, limene Jerome Woyera anayamba kulikonza m'chaka cha 382, linamasulira mneni wa m'kalata ya Timoteo uja ndi exercere, ndipo kuyambira pamenepo mawu a mlimi ndi msilikali anakhalanso mawu a munthu wopemphera.

Amonke a m'chipululu cha Egypt anasankha mawu oti askesis. Pamene Athanasius Woyera ankalemba mbiri ya Anthony Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 356, anatchula kusala zakudya, kuchezera m'mapemphero ndi ntchito zamanja za mkuluyo ndi mawu amenewa. Kumadzulo, kumene Chilatini chinkalamulira, exercitium ndiye anapitirira. Gertrude Woyera wa ku Helfta, sisitere wa m'zaka za m'ma 1200, anasiya buku la mapemphero lodziwika ndi dzina loti Exercitia spiritualia. M'chaka cha 1500 García de Cisneros, mkulu wa amonke a ku Montserrat m'dziko la Spain, anasindikiza buku lotsogolera amonke pa kusinkhasinkha tsiku ndi tsiku, lotchedwa Ejercitatorio de la vida espiritual.

Ku Montserrat komweko kunafika munthu wotsimphina m'mwezi wa March chaka cha 1522. Anali Ignatius wa ku Loyola, amene chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona pa 20 May 1521. Atasiya lupanga lake kumeneko, anakhala pafupifupi miyezi 11 ku Manresa, akulemba zimene ankaziona zikuchitika mumtima mwake popemphera. Zolembazo ndizo zinakula kukhala kabuku ka Ejercicios espirituales, kamene Papa Paul III anakavomereza m'chaka cha 1548. Poyambirira penipeni Ignatius akufotokoza dzina la kabukuko poyerekeza ndi thupi: monga kuyenda ndi kuthamanga zimalimbitsa thupi, chomwechonso kuyesa mtima, kusinkhasinkha ndi kupemphera zimakonza mzimu kuti utaye zilakolako zosalongosoka ndi kupeza chifuniro cha Mulungu. Anagawa ulendowo m'masabata 4: loyamba la machimo ndi chifundo cha Mulungu, lachiwiri la moyo wa Yesu, lachitatu la masautso ake, lachinayi la kuuka kwake. Analangizanso kuti munthu wofuna kugonjetsa chofooka chimodzi azilemba timadontho pamzere, masana ndi madzulo, molingana ndi nthawi zimene wagwa, kenako aziyerekeza lero ndi dzulo, sabata ino ndi yatha. Kabukuka analembera munthu wotsogolera mnzake m'bindikiro, ndipo phindu lake limaoneka pochita zimene kakunena. M'chaka cha 1922 Papa Pius XI analengeza Ignatius kukhala nkhoswe ya mibindikiro yonse.

Ku England mawuwa anayenda njira zinanso. Analowa m'malamulo, ndi tanthauzo la kugwiritsa ntchito mphamvu, udindo kapena ufulu umene munthu ali nawo. Analowanso m'chipembedzo cha Apulotesitanti: misonkhano imene abusa ankaphunzitsana kulalika m'zaka za m'ma 1570 inkatchedwa exercises. Mfumukazi Elizabeth I inalamula kuti misonkhanoyo ithe, ndipo Arkiepiskopi Edmund Grindal wa ku Canterbury atakana kumvera, anaimitsidwa pa ntchito m'chaka cha 1577. Matanthauzo awiriwa anakumana m'chaka cha 1791, pamene dziko la United States linawonjezera m'malamulo ake aakulu ndime yoteteza free exercise ya chipembedzo, ndiko kuti ufulu wochita poyera zimene munthu amakhulupirira. Tanthauzo la ntchito yolemba ya kusukulu linakhazikika m'zaka za m'ma 1600.

Nanga zinatani kuti lero tikamva mawuwa tiziganiza msanga za thukuta? M'chaka cha 1569 dokotala wa ku Italy, Girolamo Mercuriale, anasindikiza buku la De arte gymnastica, limene linadzutsa nzeru za madokotala akale pa ubwino wolimbitsa thupi. M'chaka cha 1811 Friedrich Ludwig Jahn anatsegula bwalo la masewera otere ku Berlin pofuna kulimbitsa anyamata a ku Germany atagonjetsedwa ndi Napoleon, ndipo mu 1813 Per Henrik Ling anayambitsa sukulu ya aphunzitsi a masewerawa ku Stockholm. Umboni wa sayansi unadza pambuyo. M'chaka cha 1953 Jeremy Morris ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa antchito a mabasi osanjikizana a ku London, amene anasonyeza kuti makondakitala, okwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi madalaivala okhala pampando. Mu 1968 Kenneth Cooper anatulutsa buku la Aerobics limene linachititsa anthu ambirimbiri kuyamba kuthamanga m'misewu. Malangizo a bungwe la zaumoyo la WHO a chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 azichita mphindi 60 pa tsiku. Tione apa kuti tanthauzo limeneli linakula pamene makina ndi maofesi anayamba kulanda ntchito za manja ndi miyendo. Agogo athu olima, osinja ndi otunga madzi kutali sanasowe dzina la chinthu chimenechi chifukwa chinali m'kati mwa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Ziyankhulo zina zimatiunikiranso. M'Chifalansa exercice angatanthauzenso chaka cha kawerengedwe ka chuma cha kampani, ndipo m'Chitaliyana esercizio angatanthauze sitolo kapena malo odyera, pakuti ndi malo amene munthu amachitirapo ntchito yake. Ajeremani amati Übung pa zoyeserera wamba, koma anasunga Exerzitien kunena m'bindikiro ndi exerzieren kunena kuguba kwa asilikali. Aswahili amati zoezi, zambiri mazoezi, kuchokera ku mneni kuzoea amene ndi kuzolowera m'chiyankhulo chathu, ndipo mawu amodziwo amagwira ntchito kusukulu ndi pabwalo. Ife m'Chichewa tinagawa katunduyu. M'mabuku a sukulu timati ntchito, pabwalo timati masewera olimbitsa thupi kapena mafizo, kwa asilikali timati kuguba ndi kuyeserera, ndipo kutchalitchi timati m'bindikiro. Tichenjerenso ndi mawu ena omveka mofanana, exorcise, kutulutsa mizimu yoipa. Amenewa anachokera ku Chigriki horkos, lumbiro, ndipo alibe chibale chilichonse ndi exercise ngakhale ophunzira ambiri amawasokoneza polemba.

Kugawa kwathu kuli ndi ubwino wake pakuti kumamveketsa bwino zimene tikunena, komabe kumabisa ulusi umene umalumikiza zonsezi. Mlimi wa Chiroma, msilikali wa Vegetius, mmonke wa ku Egypt, mwana wa sukulu ndi kondakitala wa ku London onse akuchitira umboni mfundo imodzi: mphamvu iliyonse imene munthu ali nayo imakula ikamatulutsidwa kawirikawiri kukagwira ntchito, ndipo imafota ikatsekeredwa. Pakati pathu alipo amene amadikira sabata la mayeso kuti atsegule kope, ena amadikira mawu a dokotala kuti ayambe kuyenda pansi, enanso amadikira tsoka kuti agwade. Onsewa amafuna kuti ng'ombe yosavalapo goli ilime ekala tsiku limodzi. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo timadontho ta Ignatius tinkawerengera kudumpha komweko.

Tikakumana Lamlungu likudzali ikatha Misa yachiwiri, tidzakambirane mafunso awiri. Kodi ndi mphatso iti, ya thupi, ya nzeru kapena ya mzimu, imene aliyense wa ife waitsekera m'khola chaka chino? Nanga ndi chinthu chiti chaching'ono, chotheka m'mphindi 15, chimene tingayambe kuchita tsiku lililonse kufikira tidzakumanenso? Aliyense adzabwere ndi kope ndi cholembera.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani sabata yonseyi.