Nyumba ya Zaluso ya ku Harare ndi Dzina Lakuti "Shona Sculpture"

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya National Gallery of Zimbabwe, nyumba yosungiramo ndi kuonetseramo zaluso zamakono ku Harare, ndiponso kufunsa funso lotikhudza ife ophunzira zinenero: kodi dzina limene luso lapatsidwa limakumbutsa ndani, nanga limaiwalitsa ndani?

Nyumbayi inatsegulidwa m'caka ca 1957, m'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo dzina lake linali Rhodes National Gallery. Oimanga anafuna makamaka kuti Azungu a mu Salisbury aziona zojambula za ku Ulaya, mwakuti cionetsero coyamba cinali ndi nchito za Rembrandt ndi Picasso. Koma mkulu wake woyamba, Frank McEwen, anakulitsa colingaco. Iye anapereka utoto ndi zipangizo kwa anthu akuda ogwira nchito m'nyumbamo, monga Thomas Mukarobgwa, ndipo apo ndi pamene panayambira sukulu ya Workshop School. Mu 1962 anasonkhanitsa akatswiri pa International Congress of African Culture, ndipo mu 1971 ziboliboli zamiyala zinakaonetsedwa ku Musée Rodin mu Paris. McEwen anacoka m'dzikomo mu 1973.

Ziboliboli zimenezi zinafalikira ndi dzina lakuti "Shona sculpture", ndipo vuto lagona pamenepa. Mu 1966 Tom Blomefield, mlimi wa fodya amene malonda ake analowa pansi maiko atakana kugula katundu wa boma la Ian Smith, anayambitsa mudzi wa osema wa Tengenenge kufupi ndi Guruve. Ambiri mwa anchito a pafamupo anali ocokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ndipo pakati pao panali Acewa ndi Ayao. Mmodzi wa iwo anali Fanizani Akuda, Mcewa wobadwira ku Zambia mu 1932. Anthu amenewa anapita ndi zinenero zao ndi miyambo yao, kuphatikizapo ya Nyau, koma dzina limodzi lija linawaphimba onse.

Cilandirire ufulu mu 1980, nyumbayi yagwira udindo wosunga ndi kuonetsa luso la dzikolo, ndipo mu 2011 inayamba kulitengera ku cionetsero ca Venice Biennale. Ife tiona kuti udindo wotere sumathera pa kusunga miyala. Ufunikanso kuchula molondola mtundu ndi cinenero ca wosema aliyense, pakuti cimene calembedwa pa kacikwangwani ka m'nyumba ya zaluso ndico cimene mphunzitsi adzabwereza m'kalasi.