Mfuti zimene zinatsekera mafumu njira ya ku Quelimane

M'mawa uliwonse pa Muloza pamawoloka njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga kuchokera ku Milange. Dera limeneli linazolowera katundu wodutsa. Kale amalonda ankatsika kuno kupita ku Quelimane atasenza minyanga ya njovu, akapolo ali m'magoli.

Njirayo inali m'manja mwa mafumu a Chiyao ozungulira phiri la Mulanje: Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri. Pa 11 June 1891, Britain ndi Portugal anasainirana pangano ku Lisbon, n'kudula malire motsata mtsinje wa Ruo. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa, ndipo cholembedwa papepala chinafunika onga kuti chikhazikike.

Chaka chomwecho mtsogoleri wa Angerezi kuno, Harry Johnston, anatuma Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali ochokera ku India kukathira nkhondo Chikumbu, yemwe anali atayambana ndi azungu olima khofi. Chikumbu anathawa. Mu 1893 Angerezi anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe maulendo a akapolo ankadzera. Matipwiri, wokhala m'malire mwenimweni, analimbabe mpaka 1895 pamene nayenso anagonjetsedwa. Mfuti za gogodela, zothira onga kukamwa, sizikanalimbana ndi mfuti za asilikali ophunzitsidwa.

Ine sindingalire maliro a malonda a akapolo. Amang'anja a m'tsinde mwa phirili anataya ana ambiri m'njira imeneyo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mfuti zitangoti zii, nthaka inapita kwa eni ena. Zinateronso ku America: pa 27 March 1814, asilikali a America otsogoleredwa ndi Andrew Jackson anapha ankhondo a mtundu wa Creek pafupifupi 800 pa Horseshoe Bend, ndipo pangano la mu August chaka chomwecho linalanda maekala oposa 20 miliyoni, ngakhale a anthu a mtunduwo amene anamuthandiza Jackson kumenya nkhondoyo.

Kuno nthaka yachonde ya m'mphepete mwa phiri inasanduka minda ya azungu, khofi poyamba, kenako tiyi, yemwe pambuyo pake anafikanso m'tsinde mwa phiri la Tumbine ku Milange. Alomwe othawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi anawoloka malire omwewo ndi mabanja awo. Kuno anadzapeza thangata likuwadikira.