Sabata Imodzi M'chipululu Chopanda Mchenga

Anthu amene amapita kukacheza ku maiko a Aluya amabwerako ndi nkhani za mabwinja odabwitsa. Ku Jordan kuli mzinda wa Petra, umene nyumba zake zidasemedwa m'thanthwe zaka ngati 2,000 zapitazo, ndipo mlendo akhoza kutha sabata yathunthu akuyenda pa ngamira kuchoka pa bwinja lina kunka pa lina. Wina pakumva izi angaganize kuti kuno kwathu kulibe zotere. Koma m'chaka cha 1866 padachitika ulendo wa masiku oposa pang'ono sabata imodzi kuvuma kwa Nyanja ya Malaŵi, umene udadutsa m'mabwinja ndi m'chipululu chamtundu wina. Mbiri ya ulendowo ikukhudza anthu a kwa Nsamala, kwa Kalembo, kwa Liwonde ndi kwa Kawinga, pakuti makolo a ambiri mwa iwo adachokera chakomweko.

Dr David Livingstone adatsika m'chombo pa Mikindani m'mwezi wa Marichi chaka chimenecho, nayamba kutsata mtsinje wa Rovuma kuloŵera kuzambwe. Pa gulu lake padali asilikali a ku India, amuna a ku chilumba cha Johanna, ndiponso anyamata aŵiri achiyao, Chuma ndi Wikatani, amene adaomboledwa m'goli mu 1861. Adatenganso ngamira zisanu ndi imodzi, njati zoŵeta ndi abulu, pofuna kuona ngati zingapirire kashembe. Ngamirazo zidafa imodziimodzi m'njira, zina chifukwa cha nkhanza za oziyendetsa.

Njira imene ankatsatayo idali ya malonda a minyanga ndi akapolo. Kuyambira 1840, pamene Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, adakhazikika ku Zanzibar, minda ya pa zilumbazo idafuna antchito ochuluka. Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkaloŵa kumtunda, anthu ndi minyanga n'kumatsikira ku doko la Kilwa. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, adaŵerengera kuti akapolo ngati 19,000 ochokera ku madera a Nyanja ya Malaŵi ankadutsa pa chilumbacho chaka ndi chaka. M'mwezi wa Juni apaulendowo adapeza magoli otayidwa m'mbali mwa njira, ndi mtembo wa mai womangidwa pakhosi ku mtengo chifukwa adalephera kuyenda.

Kuchiyambi kwa Julayi adadutsa kwa Mtarika nafika kwa Mtende, mudzi wotsiriza. Kutsogolo kwake kudalibe mudzi, munda kapena nkhokwe kufikira kwa Mataka. Dziko lake silidali louma ai. Lidali la mapiri, mitengo ndi timitsinje toyenda ngakhale m'nyengo yachisanu. Chimene chidasoŵa ndi munthu. Pansi pa mitengo pankaonekabe mizere ndi nthumbira za minda yakale ya mapira ndi nyemba. Mapale a miphika adali mbwee, ena okhala ndi zolemba zokongola m'milomo mwake. Paliponse ankatola timipope tadothi timene osula ankalumikiza ku mvukuto posungunula chitsulo m'ng'anjo. Livingstone adayerekeza kuti dera la chonde lotere, losiyidwa ndi eni ake, lidatalika mamailosi osachepera 50. Gululo lidayenda ndi njala pakati pa minda ya anthu amene kudalibenso.

Eni ake adapita kuti? Ena adagwidwa nagulitsidwa. Ena adafa ndi njala, popeza munthu wogona m'thengo kuthaŵa nkhondo salima. Ambiri adasamuka. Ayao adapanikizidwa ndi Alolo ndi Amakua kuchokera kuvuma, Angoni nawonso ankasakaza mbali zina, ndipo mafumu okhala ndi mfuti ankathira nkhondo anzawo opanda mfuti. Motero magulu a Amachinga adatsikira ku chigwa cha Shire ndi ku Nyanja ya Malombe, napeza Amang'anja ndi Anyanja, amene ambiri a iwo adathaŵanso kapena kugwidwa. Chipululu cha kuvuma chidabala mabwinja ena kuno.

Chapakati pa Julayi apaulendo aja adafika ku Mwembe, mzinda wa Mataka, ali ofooka. Amene adayamba kuŵathandiza adali Mluya, Sef Rupia, amene adali pa ulendo wonka ku gombe ndi gulu lalikulu la akapolo. Iye adaŵapatsa ng'ombe, thumba la ufa ndi nyama yophika. Mdani wamkulu wa ukapolo adapulumuka ndi chakudya cha wogula anthu. Mwembe udali ndi nyumba zosachepera 1,000, zambiri zamakona anai monga za ku gombe, ndipo Mataka ankavala ngati Mluya. Komabe mfumu yomweyo idalamula kuti akazi ndi ana oposa 50, amene anthu ake adaŵagwira ku nyanja iyo osadziŵa, abwezedwe kwawo pamodzi ndi ng'ombe zawo. Ichi n'chifukwa chake mbiriyi siyenera kukambidwa ngati mlandu wa mtundu umodzi. Myao adagulitsa, Myao adagulitsidwanso, ndipo Chuma ndi Wikatani ndiwo mboni.

Livingstone adafika ku nyanja pa 8 Ogasiti. Atalephera kupeza chombo choolokera, adazungulira kummwera naoloka Shire kwa Mponda mu Seputembala. Wikatani adatsalira pomwepo, atanena kuti wapeza abale ake. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, koma malondawo sadathe kuno kufikira nkhondo za Harry Johnston, amene asilikali ake adagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala ndi Jalasi ku mapiri a Mangochi mu 1895.

Mabwinja a miyala a ku Kilwa Kisiwani adalembedwa ndi UNESCO mu 1981 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo Petra adalembedwa mu 1985. Malinga a Fort Mangochi akadaima m'phiri. Koma mabwinja a anthu wamba, amene adalima ndi kusula, ali pansi pa khasu. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi wa kwa Nsamala akafukula mapale achilendo kapena zotsalira za ng'anjo m'munda mwake, asazimwaze. Adziŵitse mfumu ndi aphunzitsi a pafupi, kuti uthenga ukafike kwa oyang'anira zinthu zakale m'boma. Ndipo mwana amene ali ndi agogo odziŵa kumene mbumba yawo idachokera, ndi mitsinje imene idaoloka, akhale nawo pansi ndi kope madzulo ano.